Kanyumba ka Matayala Awiri

Lolemba, 22 Junyu

Karavana yatha! Lero ndaika chitseko, chokhoma ndi shavi, kiyi wakewake, ngati cha nyumba yeniyeni, kenako ndayikoloweka kumbuyo kwa galimoto n'kuzungulira nayo dera lathu la Canongola kawiri. Anthu a pa baraka yamowa yapakona akuti Armando wayamba kuyenda ndi bafa lake. Asekeni, miyezi isanu ndi iwiri yowotcherera zitsulo ndine ndikuidziwa.

Zaka zitatu tsopano ine ndi mwana wanga Joana tikupita kutchire ndi kwatru-kwatru yathuyi, galimoto yokoka ndi matayala onse anayi, kugona m'tenda, amayi ake osatheka. Mkazi wanga Marcelina mawu ake ndi amodzimodzi: anagona pansi pa lona zaka zisanu ku Dedza nkhondo itawathamangitsa ku Ulongwe, ndiye zogona panja mwadala ndi za anthu okhuta. Sindimutsutsa, ine nkhondo inandipeza muno mu Tete kwa amalume. N'chifukwa chake ndam'pangira kanyumba ka makoma ndi denga.

Pangano lathu n'lakuti apita kamodzi kokha. Akapanda kukondwa, karavana igulitsidwa ndipo nkhaniyi ndisadzaiyambenso. Joana akupita kusukulu ku Beira mu Agoshtu. Marcelina akakana, ndiye kuti maulendo atha, ndekha sindingapite.

Lachitatu, 24 Junyu

Marcelina akulongedza. Thumba la ufa lathunthu, makala matumba awiri, mchere wokwana mudzi, mabulangete asanu ndi limodzi mu Tete motentha muno, mapoto onse, khasu, zigubu zisanu za madzi, ndi mapepala a nyumba m'jumbo. Ndinati, "Amayi a Joana, tikupitatu masiku awiri okha." Osandiyang'ana n'komwe, anati, "Nafenso tinkati masiku awiri."

Zonse waziunjika kumbuyo kwenikweni pansi pa bedi, pamene sipayenera kukhala katundu wolemera. Ndikudziwa bwino, koma ndazisiya momwemo.

Lachinayi, 25 Junyu

Feriyadu, tsiku la tchuthi. Tanyamuka dzuwa lisanakwere. Pa tala nditangofika 60, karavana inayamba kuvina kumbuyoko, uku ndi uku, galimoto nayo n'kumatsatira. Marcelina anagwira chitseko ndi manja awiri. Ndinaima, ine ndi Joana tinasunthira ufa ndi madzi kutsogolo kwa matayala, kuvinako kunatha.

Titapitirira Boroma tinalowa njira ya ngolo, miyala ndi minga, mbuzi osafuna kupatuka. Pali kamtsinje kouma kamene ine ndi Joana timadutsa tikuimba nyimbo. Ndinaiwala kuti lero ndikukoka nyumba ndi nkhokwe yake. Pakati penipeni galimoto inangoti tibu, matayala onse anayi kukumba, mchenga mpaka m'mimba. Ndinaika reduzida, giya yamphamvu ija, ndi pamene tinamira bwino. Walira mvula walira matope.

Ndinati basi, kagulitsidwa kanyumba kanga, ndipo ndinachita manyazi kumuyang'ana Marcelina. Iye anatsika, anavula masilipasi, anathyola kamtengo, n'kuyamba kuyenda mumchenga akubaya apa ndi apo. Atafika chakumunsi pokhota, anagwada n'kufukula ndi manja.

"Bambo a Joana, mwadutsa pouma. Pouma pamameza. Taonani apa, madzi ali pafupi, mchenga wake ndi wogwirana."

Akuti ku Dedza chilimwe chilichonse ankakumba madzi mumtsinje wouma, ndiye mchenga amaudziwa ndi mapazi. Tinamasula karavana, tinatsitsa katundu yense, ndinaphwetsako matayala, Joana anayala nthambi. Khasu limene ndinkaliseka mumtima lija ndi lomwe linatikumba. Galimoto itatuluka, karavana yopanda kanthu tinaikoka ndi chingwe chobwerera m'mbuyo, n'kuidutsitsa pamene Marcelina anabaya, iye ali patsogolo kundilozera njira ngati wapolisi wa pamsewu. Ufa anausenza yekha pamutu kuwolotsa, ine ndikupopa matayala thukuta lili kamukamu. Anandidutsa akuseka, ati, "Zaka zitatu zakutchire, koma mchenga simuudziwa."

Tafika cha m'ma 15, ndiye 3 koloko masana, pansi pa mitengo ya masau, Zambezi ili pansi apo patali ndithu chifukwa cha ng'ona. Msana ukuwawa. Ndine wokondwa kwambiri.

Lachisanu, 26 Junyu

Marcelina wagona. Chitseko anakhoma yekha n'kuyesa kawiri, koma wagona mpaka dzuwa kulowa pa zenera. Joana m'tenda yake panja.

Tsiku lonse sanakhale pansi. Watola masau beseni lodzaza, wasesa pakhomo pa karavana ngati tikhala chaka, wandikonzetsa sitepe yomwe ikugwedera. Kunabwera msodzi ndi pende zinayi, anakambirana m'Chinyungwe mpaka bamboyo anawonjezera yachisanu akupukusa mutu.

Tikudya masana anayamba yekha kusimba za kukampu ya othawa nkhondo ku Dedza. Zaka makumi awiri ndi zinayi tili pabanja, nkhani zimenezi ndimangomva zidutswa. Ati tsiku lina mphepo inanyamula lona yawo mayi ake ali mkati mosamba, anthu onse kuthamangitsa lona, mayi kuthamangitsa chitenje. Joana anaseka mpaka kutsamwa ndi munga wa nsomba. Kenako Marcelina anatchula mng'ono wake Albertina, amene anatsala komweko, ali ndi zaka zinayi. Sanalire. Anangoti ankakonda masau kwambiri, n'kupitiriza kuchotsa minga.

Za pangano lathu sananene kanthu. Ndinanong'oneza Joana kuti awafunse amayi ake, iye ati, "Papa, karavana ndi yanu, mkazi ndi wanu." Mwana wopanda chisoni.

Loweruka, 27 Junyu

Tsiku lobwerera. Ndinadzuka ndikuganiza kuti mwina aka n'komaliza kugona pano. Ndinapinda tenda ya Joana, ndinakwirira phulusa, ndinayang'ana mafuta ndi madzi a injini. Kenako ndinaliza galimoto n'kuyamba kubwerera m'mbuyo kuti ndikoloweke karavana, Joana akundikodola ndi dzanja, pang'ono, pang'ono, kumanzere.

Pa galasi ndinaona chingwe chamangidwa kuchoka pa chigwiriro cha karavana kufika pa mtengo wa msau, pali makapulana atatu ndi malaya anga akudontha madzi. Marcelina wakhala pa sitepe, mapazi mumchenga, akuyanika masau pa thumba.

Ndinatulutsa mutu. "Amayi a Joana, zochapazo, tikufuna kumanga."

"Zanyowa."

"Zikauma kunyumba."

Anandiyang'ana, kenako anayang'ana kumtsinje.

"Kodi akutithamangitsa ndani?" anatero. "Zimitsani galimotoyo, ikundisokosera."

Ndinazimitsa. Joana anatembenuka msanga ngati akufuna chinachake m'chikwama, mapewa akugwedezeka, kaya ankaseka kaya ankalira. Ine ndinakhala m'galimoto kanthawi manja ali pa chiwongolero, chifukwa misozi inali italengeza m'maso.

Ndikulemba izi mothamanga. Wandituma nkhuni, akuti zokwana mpaka mawa.