Nanenso Ndinaseka Nawo

Lamulungu, Okutobala 1996. Kwatentha tsiku lonse, ndipo ndatopa mumtima kuposa m'thupi.

Misa itatha, amayi a mpingo wathu kuno ku Chiparamba anachita sewero la nkhanza za m'banja. Pamene mwamuna amamenya mkazi, anthu onse anangoti zii, ena mpaka misozi. Kenako anatembenuza, mkazi n'kuyamba kuthamangitsa mwamuna ndi musi. Anthu anaseka mpaka kugwa pa mabenchi. Mkazi wanga, amake Tisa, anaseka kuposa onse, uku akundigunda ndi chigongono pa nthiti zomwezi zimene anandimenyapo ndi mpini wa khasu Lachinayi.

Nanenso ndinaseka nawo. Ndikanatani? Ndikati ndiseke, nthiti zimabaya.

Potuluka ndinakokera pambali amalume, amene ndi ankhoswe anga. Ndinati, "Amalume, zija mwaona kumapeto kwa sewero zikuchitika kunyumba kwanga."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Mphwanga, mwamuna wathunthu ngati iwe? Usatichititse manyazi, anthu angamve. Mkazi akakwiya, mwamuna amangotuluka kukapitidwa mphepo."

Kutuluka kupita kuti? Ndine mkamwini. Nyumba ndinamanga pa malo akwawo, munda wa thonje ndi wawo, ana ndi awo. Ndikachoka nditenga bulangete ndi njinga basi.

Madzulo ano ndapeza ana anga akubwereza sewero lija kuseri kwa nkhokwe. Tisa wanyamula musi, mlongo wake akuthawa, onse akufa nako kuseka. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwaletse. Koma ndiwauza kuti chiyani, poti anandiona ine ndemwe ndikuseka...