Chipepeso ku Banja la a Funsakaye, Amene Tinalengeza Imfa Yawo Tisanafunse

Kwa mayi awo, malume awo, abale onse ndi aliyense amene ankawadziwa,

Ndi mitima yosweka, ndiponso tisanakhulupirirebe, ife a bungwe la achinyamata olimbikitsa mtendere ndi ufulu wa pa intaneti tikudziwitsa anthu onse kuti mnzathu ndi mphunzitsi wathu, amene tonse tinkawatchula kuti a Funsakaye, anatisiya Lachiwiri pa 9 Epulo nthawi ya 10:40 m'mawa, atagonekedwa m'chipatala masiku anayi ndi chibayo. Anali ndi zaka 29.

Anafika kwa ife zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo ali wokonza mafoni pakabenchi ka pakhomo la msika, ndipo sanabwere kudzalowa bungwe, anabwera kudzatidzudzula. Tinali titaika patsamba lathu chithunzi cha mtsikana wogulitsa moyandikana nawo, osamupempha. Anakhala pampando wogwedera wa muofesi mwathu mpaka chithunzicho chitachotsedwa, ndipo sabata yotsatira anabweranso ndi misomali kudzakonza mpandowo. Sanachokenso.

M'zaka zimenezi anaphunzitsa achinyamata 1,340 kutseka mafoni awo ndi nambala yachinsinsi komanso kuzindikira uthenga wabodza. Mu Seputembala chaka chatha, magulu awiri a anyamata a njinga zamoto atatsala pang'ono kuphana chifukwa cha chithunzi cha njinga yowotchedwa, anawakhazika onse m'chipinda chathu chophunzitsira, nakulitsa chithunzicho pakhoma mpaka anyamatawo ataona okha kuti chinali chakale ndiponso cha kwina. Ndi iwonso amene anayambitsa zoti mabatire akufa a mafoni aziponyedwa m'migolo m'malo mwa m'ngalande, ndipo migoloyo lero ilipo khumi ndi inayi. Dzina lija silinabwere pachabe, pakuti aliyense akangokweza foni kuti ajambule munthu, ankamva mawu kumbuyo kwake: "Iwe mjambuli, chalacho chikuyabwa? Funsa kaye."

Tsopano tinene cholakwa chathu, chifukwa chinachitikira pagulu ndipo sichingapepesedwe kumbali. Lachiwiri lomwelo nthawi ya 11:15, titangomva kuchokera kwa mnzathu wina amene anali nawo kuchipatala, tinaika chithunzi chawo patsamba lathu ndi mawu akuti atisiya. Amene analamula ndine, wapampando. Sindinafunse ngati banja linali litamva. Nthawi imeneyo malume awo anali m'njira, akuyenda pansi kuti akawauze mayi pamaso. Mayi anali pamakina awo osokera, akumalizitsa diresi kuti masana apite kukazonda mwana wawo, pamene kasitomala analowa foni ili m'manja n'kuyamba kuwapepesa. Uthengawo unakhala patsamba mphindi 52 ndipo anthu oposa 300 anautumiza kwa anzawo tisanauchotse.

Masana malume anandiimbira. "Inu a mafoni mwathamanga kuposa ine wa miyendo," anatero. "Maliro mwalira kale patsamba lanulo. Kuno musapondeko."

Sitinawatsutse, pakuti anali ndi chifukwa chonse. Koma achinyamata oposa makumi asanu ndi limodzi amene a Funsakaye anawaphunzitsa ntchito ndi manja awo anali oti sadzatsanzikana nawo chifukwa cha ine. Lachitatu m'mawa ine ndi mlembi wathu tinapita kunyumba kuja, ndipo anatikhazika pakhonde pafupifupi ola lathunthu mayi asanatuluke.

"Anadina ndani foni kuti uthengawo upite?" anafunsa.

"Anadina wina, mayi, koma kulamula ndinalamula ndine."

"Wapampando wathunthu?" Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. "Mwana wanga ankati akaweruka, 'Amayi, ana anga aja ndi abwino, koma zala zawo zimafika mutu usananyamuke.' Ine ndinkayesa akukunamizirani."

"Achemwali, musawanyengerere awa," anatero malume ali pakhomo.

"Achimwene, ndiye mukawathamangitsa bokosi anyamula ndani? Inu ndi msana wanuwo?" Anapukuta misozi ndi kansalu kotsala posoka, kenako anatembenukira kwa ine. "Zimene mwandichita sindiziiwala msanga, ndisakunamizeni. Koma iye ankakukondani, ndipo sindimuika m'manda ana ake ali kunja kwa mpanda. Bwerani nonse Lachisanu. Pachipata padzakhala beseni langa lochapira, foni iliyonse idzalowe m'menemo. Mwana wanga mudzamuone ndi maso."

Choncho tikudziwitsa mamembala onse kuti mwambo woika m'manda udzayamba Lachisanu pa 12 Epulo nthawi ya 9 koloko m'mawa kunyumba kwa mayi. Palibe adzajambule, palibe adzalembe kanthu patsamba lililonse, ndipo amene akuona kuti sangasiyane ndi foni yake kwa maola atatu, atsale kwawo. Kwa onse amene munatumiza uthenga uja kwa anzanu, tikupempha kuti muufufute.

Kwa inu mayi, malume ndi banja lonse, m'malo mwa akuluakulu a bungwe, ogwira ntchito ndi mamembala onse, landirani chipepeso chathu pa imfa ya mwana wanu, amene munatibwereka zaka zisanu ndi chimodzi, ndiponso pa bala limene ife tinawonjezera pamwamba pa bala lanu. Mulungu akupatseni mphamvu m'masiku ano ndi m'masiku ovuta kwambiri amene amabwera anthu akabalalika, ndipo mzimu wa mnzathu uuse mumtendere. Lachisanu tidzafika m'manja mulibe kanthu, kuti manjawo akanyamule mwana wanu.

Ine wanu pa chisoni chimenechi,
Wapampando wa bungwe