Zelifa Sanakwatiwe

Kawale, Lilongwe

Okondedwa Amayi,

Landirani moni wanga. Muli bwanji ku Mkandako? Nanga mtedza mwamaliza kukumba? Kuno tilipo, koma mdzukulu wanu Shalom sakupezabe bwino. Madokotala akuti mtima wake ukufunika opaleshoni kunja kwa dziko, ndipo tisachedwe.

Ndalemba chifukwa cha chithunzi chimene chafika kumudziko pa foni, chooneka Zelifa atavala velo, ataima pambali pa mwamuna. Amayi, mlongo wanga sanakwatiwe. Ndiloleni ndifotokoze bwinobwino.

M'tauni muno anthu akafuna kuthandiza wodwala amakonza ukwati wongoyerekeza. Amasankha anthu awiri kuti akhale ngati akwati, ena n'kumavina akuponya ndalama monga zimakhalira pa perekaniperekani, ndipo zonse zimapita kwa wodwalayo. Sipakhala abusa, sipakhala ankhoswe, palibenso amene amalumbira.

Amene anatikonzera ndi anzathu ochokera ku Mchinji okhala kuno, ndipo palibe analipidwa. A Saidu, aja bambo awo ali ndi golosale pa boma, anatseka shopu tsiku lonse n'kukongoletsa galimoto yawo. Ena anasenza mipando pamutu kuchokera kutchalitchi, ena anatsala akusesa holo ife titapita kuchipatala. Mtsikana amene amayenera kuvala velo anachita manyazi m'mawa wa tsikulo. Zelifa ananena kuti Shalom ndi mwana wakenso, avala ndi iyeyo. Mwamuna wa pachithunziyo ndi a Aleck, bambo wapabanja, ndipo amene ankalulutira kuposa onse ndi akazi awo. Anthu amenewa sindikudziwa kuti ndidzawathokoza bwanji.

Tsono Lenard, bwenzi la Zelifa, sakuyankha foni. Tamva kuti akwawo ku Kapondo akufuna kuimitsa chinkhoswe, akuti sangalandire mkazi amene wavalira kale velo mwamuna wina. Zelifa sakudya. Dzulo anandifunsa ngati zikanakhala bwino akanapanda kuvala velolo. Ndinayesa kumulimbikitsa, koma mawu anga sakufika ku Kapondo, ndipo sindingamusiye Shalom kuti ndibwere.

Chonde Amayi, ndagwira mwendo wanu. Atengeni amalume a Titus mupite kwa makolo a Lenard Lamulungu lisanafike, nkhani yoimitsa chinkhosweyi isanalengezedwe kutchalitchi. A Aleck ndi akazi awo akuti ali okonzeka kubwera kudzaonekera okha, ndipo a Saidu alonjeza kuwanyamula. Mungonena tsiku.

Koma mukakafika musakayambe ndi kupepesa. Mwana wanu sanalakwe.

Mundiperekere moni kwa amalume, azakhali ndi alamu anga onse. Mpongozi wanu akuti muzitikumbukira m'mapemphero.

Ndatha ine mwana wanu,
Jonasi