Wela sanali mkazi

Amayi, mwadzuka bwanji kumeneko?

Kuno ku Erdington tili bwino. Mpongozi wanu Chikondi wachira, mwana wamwamuna, makutu ngati anu enieni. Maungu kukadimba kathu abereka, koma chimanga chakananso, dzuwa la kuno ndi laulesi.

Chandilembetsa ndi nkhani ya Wela. Paja munkatiletsa kutcha mwana dzina la bambo anu, a Jailosi. Munkati munthu wosiya banja zaka zonse za nkhondo n'kumakakhala ndi mkazi wotchedwa Wela kudoko la Debeni, dzina lake lithere kumanda. Bambo anuwo ankalumbira kuti Wela ndi sitima yopha anamgumi, kuti nkhondo itabuka boma linaitenga n'kuikapo mfuti kuti izilondera nyanja, iwo akuphikira asilikali momwemo. Amayi anu ankangoti, "Msodzi ndi msilikali bwato limodzi? Nanga mukamutchula kutulo mumamwetuliranji?"

Kunyumba ya okalamba komwe ndimagwira ntchito kwabwera a Derek, mzungu wokonda kupanga tisitima tamatabwa. Ndikuwayalira bedi ndinaona kena kotuwa, kali ndi kamfuti kutsogolo. Anandiuza kuti bambo awo anali m'sitima yotere pa nkhondo, kuti pali mfutipo pankakhala mkondo wolasira anamgumi, ndipo sitima zimenezi amazitcha whaler. Ndinati abwereze. Wela, Amayi! Komanso azungu sitima amainena ngati mkazi, amati she. Ndinaseka mpaka misozi, pilo ali m'manja, a Derek kuyesa ndadwala.

Sindikuti agogo anali mngelo ayi, ku Debeniko sindinaliko. Koma pa Wela pokha sananame, ndipo mtima wanga wayera mbee. Chikundipweteka n'chakuti munakula mukuchita manyazi ndi bambo anu chifukwa cha chitsulo.

Ndiye mutikhululukire, lamulo lanu taliswa. Lamlungu kutchalitchi ku Foleshill mwana tamutcha Jailosi, ndipo pomuthira madzi sanalire n'komwe.

Makolo anu onse awiri muli nawo pafupi, manda awo sali kutali. Kawauzeni amayi anu kuti mkazi mnzawo uja ankadya malasha, atsitse mtima. Bambo anuwo muwapatse moni, ndikudziwa munasiya kalekale. Khosi la mwana likalimba ndibwera naye ku Ntcheu, ndipo tidzayambira kusesa pamanda pa mwini dzina.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Limbani