Mabowo Anayi Kapena Asanu ndi Atatu

Mlongo wanga Bibiana,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga amayi, chifuwa chija chikuwalola kugona? Ine kuno ku Joni ndili bwino, kungoti kuzizira kwandisandutsa nkhalamba. Foni yako imangoitana osayankhidwa, ndiye ndalemba pamanja n'kupatsira aChakufwa, oyendetsa lole aja, kuti akusiyire pa Golomoti.

Ntchito ya kusitolo ikuyenda. Kasitudiyo kanga ka m'chipinda nakonso kayamba kudziwika, moti Loweruka ndinajambula kwaya ya Amalawi a kutchalitchi kwathu kuno. Koma ndinavutika, iwe! Makina anga ali ndi mabowo awiri okha olowetsamo mamaiki, ndiye ndimajambula mmodzimmodzi. Wina aimbe atuluke, wina alowe avale mahedifoni aziimba motsatira mnzake uja, kenako ndilumikize mawuwo pa kompyuta. Mwini nyumba ataona mzere wa anthu pakhonde anadzandifunsa ngati ndatsegula chipatala.

Ndaganiza zogula makina ena, ojambula anthu ambiri nthawi imodzi, aliyense mawu ake paokha, kuti wina akatsokomola ndithe kukonza yekhayo. Anzanga akuti ndigule odalira kompyuta, ati ndiwo abwino pa bizinesi. Ndakana. Ndikufuna oyendera mabatire, olowa m'chikwama, chifukwa kumudziko kulibe magetsi, ndipo amene ndikuwaganizira kwenikweni ndi amayi.

Ukukumbukira zomwe zinachitika nditabwera chaka chatha. Ndinawakhazika m'nyumba, n'kutseka chitseko, n'kuwaveka mahedifoni kuti aimbe okha nyimbo zawo zapamtondo, anzawo adzavomere tsiku lina monga timachitira kuno. Anaimba mzere umodzi n'kuima, akudikira. Nditawakodola kuti apitirize, anavula mahedifoni aja n'kundifunsa ngati ndinaonapo munthu akupereka moni m'nyumba yopanda anthu. Anati popanda wovomera, komanso popanda munsi wa mnzawo kugunda mumtondo, iwo sadziwa popumira. Anatuluka n'kukayamba kutola nkhuni, ine ndatsala ndi mawaya m'manja.

Iwe unaseka mpaka misozi, ndikukumbuka, koma ine zimandipweteka mpaka lero. Ndajambula anthu ambirimbiri osawadziwa n'komwe, koma ya amayi ondibereka ndilibe ngakhale nyimbo imodzi yathunthu. Ndipo mawu awo ulendo womaliza womwe ndinawamva pa foni anali atachepa kwambiri.

Kusitolo ya zoimbira andionetsa makina awiri, onse a mabatire. Ena ali ndi mabowo anayi, ndipo ndingathe kuwagula ngakhale mawa. Enawo ali ndi mabowo asanu ndi atatu, koma amenewo ndiyenera kudikira mpaka Disembala kuti ndalama zikwane. Bowo limodzi ndi la amayi, lina la maiki yoika pafupi ndi mtondo, otsalawo ndi a ovomera. Wogulitsa uja anatopa nane, mpaka anandifunsa kuti kodi bandi yangayo ili ndi anthu angati. Chiwerengerocho ine sindikuchidziwa.

Pempho langa ndi limeneli. Tenga njinga ya alamu uyendere azimayi omwe ankasinja ndi amayi, undiuze kuti omwe angathe kuimbabe atsala angati. Za aNangozo ndinamva kuti anatisiya. ANajere akuti anatengedwa ndi mwana wawo ku Salima. Ukafunsenso za aSalma a ku Mtakataka, aja ankabwera ndi usipa n'kuiwala malonda akamva nyimbo. Usandidzazire chiwerengero ndi atsikana a kwaya, amenewo anabadwa chigayo chitafika kale ndipo nyimbozi sazidziwa. Iwenso usadziwerengere, mawu ako tonse timawadziwa.

Amayi uwafotokozere bwinobwino kuti ulendo uno kulibe mahedifoni kapena kutsekerana m'nyumba. Tidzajambulira pabwalo, mtondo uli pakati, ngakhale nkhuku zilire.

Undiperekere moni kwa amayi, kwa alamu, kwa amalume ku Mua, ndi kwa azakhali ngati anabwerako kuchipatala. Ana uwauze kuti mpira uja sindinaiwale.

Mtima wanga ukufuna makina aakuluwo, Bibiana, ndipo ndikuopa yankho lako. Koma usandinamize pondimvera chisoni. Ukapeza kuti mabowo anayi akwana, ndiye kuti palibenso chodikira. Ndidzagula aang'onowo, ndidzapempha tchuthi, ndipo mudzandiona ndikutsika basi pa Golomoti mwezi uno usanathe.

Tsala bwino.

Ndine mlongo wako,
Gidiyoni