Funso la adada m'munda wa chimanga

Lachinayi, mwezi wa Febuluwale. Tsiku lotentha, lopanda ndi kamtambo komwe.

Ndinafika dzulo kuno kwathu ku Mwase Lundazi, ndipo m'mawa adada ananditengela kumunda. Chimanga chonse chauma chisanabeleke. Tili chiimilile pakati pa mizele, anandifunsa kuti, "Mwana wanga, ku yunivesite kuja umaphunzila chiyani kwenikweni?"

Ndinawafotokozela kuti dziko lili ndi mphamvu ya maginito, ndipo mphepo yochokela kudzuwa imaikoka mpaka kukhala mchila wautali kumbali ya mdima. Mumchilamo mphamvuyo imaduka n'kulumikizananso, ndipo imakankhila chakuno mpweya wotentha koopsa. Ntchito yanga ndi kuyeza liwilo la mpweyawo kuchokela pa zimene masetilaiti amatumiza.

Anamvetsela mpaka kumapeto, chipewa chili m'manja. Kenaka anati, "Ndiye mvula ibwela liti?"

Ndinati, "Sindikudziwa, adada. Zanga zimachitika kutali kwambili ndi mitambo."

Sanakalipe. Anangothokoza kuti, "Yewo," n'kuyamba kuzula mapesi oti akapatse ng'ombe. Ndinawathandiza mpaka manja anga anatupa.

Lolemba ndiyenela kubwelela ku Lusaka. Sindinawauzebe.