Kanjira Kachinayi m'Dzino la Bambo

Mbeya,
14 Ogasiti 2023

Okondedwa achimwene Gwamaka,

Ndikhulupirira kuti ku Mwanza komweko muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, kungoti bambo anu anditopetsa. Ndikuti bambo anu, chifukwa sabata ino ine sindikuwafuna.

Nkhani ndi ya dzino lija ndinawakonza chaka chatha, lalikulu lotafunira, lakumtunda kudzanja lamanja. Inu munati ndingolizula, ine ndinakana, poti kumanzere otafunira onse anatha kalekale. Limeneli likachoka, bambo ayamba moyo wa phala. Choncho ndinaliboola, ndinachotsa mtsempha wowola, ndinatsuka timinjira ta m'mizu, n'kumata bwinobwino.

Mukudziwa zimene zinatsatira. Mwezi uliwonse bambo ankakwera basi ku Tukuyu kudzandiuza kuti akamaimba lipenga kutchalitchi, dzino limayankha. Ndinkajambula dzinolo ndi ekisire, chithunzi n'kuoneka choyera. Ndinkawauza kuti, "Bambo, dzino lopanda mtsempha silipweteka." Kenaka ndinakuuzani pafoni kuti chimwalirireni mayi, bambo amangofuna chifukwa chobwerera kuno kudzacheza. Zimenezo ndinauza inu nokha, achimwene. Sindinati mukawabwerezere mawu ndi mawu!

Masabata anayi apitawo anatulukira kuchipatala kuno tsaya litatupa, pankhama pali kachithupsa kotuluka mafinya. Anaima pakati pa anthu odikira, chipewa chili m'manja, n'kunena mokweza kuti, "Uzani dokotala Tusajigwe kuti ndabwera kudzazulitsa dzino losapweteka lija." Anthu anaseka. Ine ndinalakalaka nditalowa m'kabati ya mankhwala.

Ndinapempha dokotala Kileo, wamkulu wathu pano, kuti aone. Anangoyang'ana chithunzi pang'ono n'kufunsa, "Unapeza timinjira tingati?"

"Titatu."

"Mizu itatu, timinjira titatu, basi n'kupita kukamwa tiyi? Jambulanso mopendekeka, mwana wanga."

Ndiloleni ndikufotokozereni, ngakhale ndikudziwa kuti za m'kamwa zimakunyansani. Dzino limeneli lili ndi mizu itatu: umodzi woloza m'kati mwa kamwa, iwiri mbali ya tsaya. Muzu wakutsogolo mwa iwiriyo ndi wophwatalala, ndipo mwa anthu ambiri umakhala ndi timinjira tiwiri, osati kamodzi. Kachiwiriko n'kopyapyala ngati tsitsi, ndipo kukamwa kwake kumabisala pansi pa kachigamba ka dzino lomwelo. Ukajambula molunjika, kamabisala kuseri kwa kanzake. Ukakasiya, mtsempha umawoleramo, zoipa n'kumatsikira kunsonga ya muzu. Nsongayo ili pafupi ndi mphako ya mpweya ya m'tsaya, ndiye munthu akamauzira lipenga mwamphamvu amamva ndithu.

Chondipweteka n'chakuti zimenezi ndimazidziwa. Ndimawauza ophunzira amene amabwera kuno kuti asamamate asanafunefune kachinayi. Koma tsiku lija pampando panali bambo anga. Akangobuula pang'ono, ndinkaimitsa makina. Ndinapeza titatu, ndinathokoza Mulungu, n'kuthamangira kumaliza kuti adzuke. Ndinawamvera chisoni kwa mphindi khumi, n'kuwapatsa ululu wa miyezi khumi ndi umodzi.

Kuwakhazikanso pampando inali nkhondo. "Zula, ndizipita," ankatero. "Kumsika kuli munthu amazula ndi pulayala, ndipo sakambako za mitsempha." Ndinawanyengerera mpaka anakhala. Dokotala Kileo anandibwereka magalasi ake okulitsa zinthu. Ndinachotsa chomatira chakale, n'kuyamba kupala pang'onopang'ono pakati pa timinjira tiwiri. Mphindi makumi anayi, achimwene, bambo ali kukamwa yasaa, koma akuyesabe kundilangiza ndi zala. Kenaka kasingano kanga kanakodwa pa kadontho kakuda, n'kulowa kokha mpaka pansi. Fungo limene linatuluka sindikufotokozerani.

Ndinatsuka, ndinaikamo mankhwala, n'kutseka ndi simenti yongoyembekezera. Ndinawauza katatu kuti simenti imeneyi si yokhalitsa, abwerenso pakatha masabata awiri kuti ndidzadzaze kanjirako ndi kuveka dzinolo chisoti. Anagwedeza mutu ngati munthu womva.

Patatha masiku atatu ululu unatha. Ndipo bambo sanaonekenso.

Tsiku lawo lobweranso linadutsa. Foni sankayankha. Loweruka lapitali ndinasiya odwala anga n'kukwera basi. Ndinawapeza kuseri kwa tchalitchi ndi anzawo a malipenga, akukonzekera ukwati wina. Pa nthawi yopuma anali atakhala pa benchi, akutafuna nzimbe. Nzimbe, achimwene! Mbali yomweyo!

"Bambo, mukufuna kundipha?"

"Aa, abwera adokotala. Anyamata, bisani mano."

"Simenti imeneyo ikasweka, zoipa zilowanso. Dzinolo likang'ambika, palibenso chimene ndingachite, n'kuzula basi."

"Nanga likupweteka? Pamene linkapweteka unkati lili bwino. Lero lili bwino ukuti likudwala. Ndimve ziti?"

Anzawo anaseka mpaka wina anagwetsa lipenga. Komatu mpaka tsiku limenelo ndinali nditawasiya akuganiza kuti kutupa kuja ndi matenda atsopano. Ndinawapempha kuti tipite pambali, pansi pa nthochi. Ndinagwada, ine dokotala ndi nsapato zanga za kuntchito, n'kuwauza zonse: kuti kanjirako kanalipo kuyambira kale, kuti ndinakaphonya ndine, ndiponso kuti nthawi yonse ija iwo ankanena zoona.

Anayang'ana nzimbe ili m'manja. Ndimayembekezera kukalipiridwa. M'malo mwake anati, motsitsa mawu, "Kuphonya aliyense amaphonya. Ine ndaphonyapo nyimbo pamaso pa abishopu. Koma ana anga awiri anakhala pansi n'kugwirizana kuti ndine nkhalamba yonamizira matenda kuti aiyendere. Ndikanafuna kukuona, Tusa, ndikanangobwera. Sindikanadikira dzino."

Nzimbe ija anaitaya. Koma pampando wanga anati sakhalapo mpaka inunso mudziwe, ndipo osati pafoni pamene mumayankha "eya, eya" mukuyendetsa galimoto. Anati ndilembe ndi dzanja langa, ndipo mukawerenga muwaimbire nokha. Akamva mawu anu, akwera basi.

Ndiye ndalemba. Simenti ija, ndikaiyang'ana, ingapirire masabata awiri ena, mwina atatu ngati asiyadi nzimbe ndi chimanga chootcha, zimene ndikukayika. Kalatayi ndaipereka ku basi ya mawa kuti isachedwe. Chonde musaiike m'thumba la jekete n'kuiiwala monga mumachitira ndi makadi a ukwati.

Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo muwauze ana kuti azakhali awo akudziwa kuti sakutsuka mano madzulo. Mpunga wa ku Kyela nditumiza mwezi wamawa. Mukamaimba, musawafunse kuti dzino lili bwanji, ndipo musayambe kuwalangiza. Za dzinolo mundisiyire ine. Inu mungowauza kuti tinawalakwira tonse awiri, kenaka mukhale chete kuti alankhule, ngakhale atatenga ola lathunthu.

Ndine mlongo wanu wotopa, koma wokukondani,

Tusajigwe